A Tcheya Mumtengo wa Mbawa

Mwambi uliwonse uli ndi kwawo, ana inu, ndipo uli ndi munthu amene anayamba kulawa kuwawa kwake ena asanayambe kuutchula akuseka. Umene ndikuuzeni lero kwawo ndi ku Tikumane, ndipo amene anaulawa ndi a Yotamu Sandalamu. Ena adzakuuzani kuti unachokera kwina. Asiyeni, pakamwa ndi pawo.

Tikumane sunali mudzi wa mtundu umodzi. Anthu ake anali opuma ntchito, amalonda, ndi ena otopa ndi nyumba za lendi, amene anagula mapuloti m'munsi mwa phiri n'kumangapo nyumba zawo. Wina kwawo kunali ku Mzimba, wina ku Nsanje, wina ku Mchinji. Panalibe mbumba yoti n'kutulutsa mfumu, choncho eni nyumba onse anakhala pansi n'kugwirizana kuti azidzisankhira komiti yoyang'anira msewu, mjigo, ngalande ndi milandu ya malire. Wapampando wa komitiyo aliyense ankangomutchula kuti a Tcheya.

Malamulo ake anali ochepa, olembedwa m'kope limodzi. A Tcheya azikhala pampando zaka ziwiri. Anthu akawakonda aziwawonjezera zina ziwiri, koma kupitirira apo ayi, ngakhale atakhala okoma ngati uchi. Posankha, ofuna mpando ankaima kutsogolo atafulatira, ndipo mwini nyumba aliyense ankakaima pamzere kumbuyo kwa amene wamukonda. Wa mzere wautali ndiye wapambana.

Panalinso mwambo wina umene sindinaumvepo kwina kulikonse. M'mphepete mwa bwalo la misonkhano munali mtengo waukulu wa mbawa, ndipo mumtengomo munkapachikidwa chitsulo, mkombero wakale wa gudumu la lole. Chitsulocho chinkalendewera pawaya mpaka pofika mutu wa munthu, ndipo chikalira, aliyense ankasiya chimene akuchita n'kuthamangira kubwalo. Wochiliza anali a Tcheya okha. Munthu akasankhidwa, ankakwera yekha mumtengomo kukamanga waya wa chitsulocho panthambi. Nthawi yake ikatha, ankaliza chitsulo komaliza kuitana chisankho, kenako n'kukweranso, kumasula wayayo, n'kutsika kudzapereka chitsulocho kwa anthu.

A Sandalamu anali kapitawo wopuma wa ntchito za misewu, bambo wamfupi, wa chifuwa chotakata ndi mawu oti akanong'ona mumamva muli kuseri kwa nyumba. Tsiku limene anasankhidwa anavula nsapato, n'kuluma waya ndi mano, n'kukwera mbawa ija ngati pusi. Amayi anaimba nthungululu mpaka pakhosi kuuma. Atakhala panthambi anayang'ana pansi n'kuona nkhope zonse za Tikumane zikuyang'ana iwo, ndipo mumtima mwawo munakoma kwambiri.

Tisawanamizire, ntchito anaigwira. Anakumbitsa ngalande kuti madzi ochokera m'phiri asamalowenso m'nyumba za kumunsi. Anamangitsa kamlatho ka mitengo pakhwawa limene ana a sukulu ankavulira nsapato. Ndewu za pamjigo zinatha, chifukwa anakonza zoti mzere uliwonse wa nyumba uzikhala ndi nthawi yake yotunga. Pachisankho chachiwiri mzere wawo unakafika kumjigo, pamene kumbuyo kwa wopikisana nawo kunaima mkazi wake ndi mlamu wake basi, ndipo mlamuyo ankangoyang'ana pansi.

Zaka zinayi zinakwana mwezi wa Juni. Anthu anatchera khutu kudikira chitsulo, koma chitsulo chinali zii.

Mu Juni a Sandalamu anati kwazizira, okalamba angadwale chifuwa pabwalo. Mu Julayi kunagwa maliro, ndiye anati si ulemu kuchita chisankho anthu akulira. Mu Ogasiti anati kuli mphepo ndi fumbi. Mu Okutobala anati kwatentha. Chaka chonse cha Mulungu chinasowa mwezi umodzi woyenera chisankho.

Zoona zake n'zakuti a Sandalamu ankachita mantha. Atangopuma ntchito ya misewu anakhalapo zaka ziwiri ali munthu wamba, wongokhala pakhonde kuthamangitsa nkhuku, ndipo zaka zimenezo ankazikumbukira ngati matenda. Tsopano munthu aliyense wokumana nawo ankatsika panjinga n'kunena kuti, "Mwaswera bwanji, a Tcheya?" Pamaliro ankawapatsa mpando wokhala ndi chotsamira. Sankafuna n'komwe kuganiza zoti zonsezi zipite kwa wina. Koma mantha ngati amenewa munthu sawavomera, ngakhale kwa iye mwini. Iwo ankadziuza kuti akuchitira anthu chifundo, chifukwa panalibe wina wodziwa ngalande ngati iwo.

Tsiku lina chakumapeto kwa Novembala kunabwera mayi Edinesi Kamowa, mlembi wa komiti, atanyamula kope la malamulo. Anali mphunzitsi wopuma, mayi wolankhula mofatsa koma wosabwerera m'mbuyo. Akazi awo a Sandalamu, a Nachisale, anawayalira mphasa pakhonde, iwo n'kukhala chapatali akusankha nyemba.

"A Tcheya, ndabwera ngati mlongo wanu," anatero mayi Kamowa atatha malonje. "Anthu akung'ung'udza. Akuti kodi chitsulo chija chachita dzimbiri?"

"Anthu ake ati?" anafunsa a Sandalamu. "Ine ndikamayenda aliyense amandipatsa moni bwinobwino."

"Moni ndi moni, bambo. Zimene amanena mukadutsa ndi zina."

"Mayi Kamowa, mvula ili pafupi. Mukufuna ngalande zimenezi tizisiye m'manja mwa munthu wosadziwa n'komwe kumene madzi amalowera? Auzeni anthuwo kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tidikire dzinja lidutse."

Mayi Kamowa anatsegula kope lija n'kuloza ndi chala. "Pali lamulo ili, mwina munaliiwala. Ikadutsa miyezi isanu ndi umodzi a Tcheya osaitana chisankho, mwini nyumba aliyense akhoza kuliza chitsulo. Ndipo nthawi ya a Tcheya ikatha, kulira koyamba kwa chitsulocho ndi kwa chisankho, kaya waliza ndani. Miyeziyo ikukwana Lolemba la sabata yachiwiri ya Disembala. Ine sindikufuna kuti achilize wina. Lizani nokha, a Tcheya, zikomere tonse. Paja wakutsina khutu ndi mnansi."

"Ndamva," anayankha a Sandalamu, koma anayankha ndi pakamwa pokha.

Mlendo atapita, a Nachisale analankhula maso ali panyemba zawo. "Bambo, kalizeni chitsulocho. Mwagwira ntchito yabwino, palibe angakulandeni zimenezo."

"Inunso mwalowa gulu lawo?"

"Ine gulu langa ndi inu. N'chifukwa chake ndikunena."

A Sandalamu anadzuka n'kukaona nkhuku zimene sizinkafuna kuonedwa.

Masiku otsatirawo mutu wawo unagwira ntchito usana wonse, ndipo nzeru imene anaipeza inali iyi: lamulo likuti aliyense akhoza kuliza chitsulo, koma silikunena kuti chitsulocho chizikhala pofikira aliyense. Akachikokera m'mwamba n'kuchimanga pamphanda yapamwamba, kenako n'kudula nthambi zam'munsi zimene anthu amapondapo pokwera, achiliza ndani? Akafunsidwa adzati anachikweza poopa akuba zitsulo. Anaiona nzeruyo kuti ndi yakupsa, mpaka anadziseka okha ndi kukondwa.

Loweruka anakabwereka makwerero kwa a Mbendera, kalipentala wa kumunsi, n'kunena kuti akufuna kukonza denga. Lamulungu m'mawa anauza a Nachisale kuti msana wawavuta, sapita kutchalitchi. Anadikira mpaka njira zonse zitakhala zii, chifukwa ngakhale osapemphera tsiku limenelo ankapita kumsika wa kutsidya. Kenako anatenga makwerero ndi chikwanje n'kulunjika kubwalo.

Kukwera kwake sikunali kwa pusi ngati kale. Mawondo ankalira, mpweya unkaperewera. Komabe anafika panthambi yachitatu, n'kukoka waya pang'onopang'ono mpaka chitsulo chija chinafika m'manja mwawo, ndipo anachimanga zolimba pamphanda, pakati pa masamba. Itatha imeneyo anaweramira pansi n'kuyamba kutema nthambi yachiwiri, imene inali yaikulu ndithu. Maganizo awo anali akuti ikagwa, adzatsetsereka pang'ono n'kuponda pamutu pa makwerero, n'kudula yoyamba ali pamakwereropo.

Nthambi inalira kuti phwa! Pogwa inathyola yoyamba ija, ndipo zonse ziwiri zinakankha makwerero, makwererowo n'kukagona pansi mwaulemu.

A Sandalamu anayang'ana pansi. Pakati pa mapazi awo ndi dothi panali thunthu losalala lotalika ngati anthu atatu ataberekana, lonenepa loti manja awo sakanatha kulikumbatira. Ntchito yawo inali itatheka bwino lomwe. Panalibenso munthu woti angakwere mtengo umenewo, ndipo panalibenso woti angatsike.

Poyamba sanade nkhawa kwenikweni. Kapitawo wa misewu sasowa nzeru. Anaganiza zotsika ndi waya wa chitsulo, koma wayayo anali wopyapyala, woti akanawacheka manja asanafike n'pakati pomwe. Anaganiza zodumphira pamasamba a nthambi zogwazo, koma ataona zitsa zake zosongoka anakumbukira kuti ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zinayi. Dzuwa linakwera. Nyerere zofiira zimene anazigwetsera chisa potema paja zinayamba kuwayendera m'buluku, ndipo iwo analibe dzanja lapadera lozichotsera.

Chakumasana anthu anayamba kubwera kuchokera kutchalitchi. Kuphiri kunali kutada bii, ndipo aliyense ankayenda mofulumira kuti akaanule zovala. Amayi awiri anadutsa m'kanjira ka m'mphepete mwa bwalo n'kuima pang'ono.

"Taonani, anzanga! Ndani wadula mbawa yathu?"

"Anthu opanda ulemu! Timuuze ndani nanga? Tikawauze a Tcheya."

"A Tcheya ake ati? Nthawi yawo inatha kalekale, angokakamira ngati nkhupakupa. Tiyeni, mvula iyo."

A Sandalamu anali pamwamba pa mitu yawo, atabisala m'masamba, atagwira mpweya. Akanangoti "Amayi, ndithandizeni," makwerero akanaimikidwa nthawi yomweyo, nkhani n'kuthera pa anthu atatu. Koma manyazi anawatseka pakamwa, ndipo mawu akuti nkhupakupa anawaluma kuposa nyerere zija. Anasiya amayiwo apite.

Posakhalitsa kunayamba chimphepo. Mbawa inayamba kugwedezeka, nthambi imene anakhalapo n'kumapita uku ndi uku. Miyendo inali itachita dzanzi. Kenako kuphiri kunang'anima, bingu n'kugunda mpaka mtengo wonse kunjenjemera. Apa m'pamene a Sandalamu anazindikira bwinobwino pamene anali: pamtengo wautali kuposa yonse m'Tikumane, mphenzi zikubwera, iwo atakumbatira chitsulo.

Manyazi anathawa. "Thandizeni! Anthuni, thandizeni!" anakuwa ndi mawu awo onse aja. Koma anthu anali atalowa m'nyumba, malata akuphokosera ndi mphepo, ndipo mawuwo anangopita ndi fumbi. Anakuwa mpaka mawu kusasa. Palibe anatuluka.

Chinatsala chinthu chimodzi chokha chimene Tikumane yense akanachimva, ndipo chinali pafupi ndi phewa lawo. A Sandalamu anachiyang'ana. Ankadziwa bwino lomwe tanthauzo la kulira kwake koyamba, popeza mayi Kamowa anachita kuwalozera ndi chala. Akachiliza, mpando wapita, ndipo upita anthu onse akuona chimene iwo anabwerera mumtengomo. Akapanda kuchiliza, mwina a Nachisale agona ali namfedwa. Kunang'animanso, pafupi kuposa poyamba. Anatembenuza chikwanje n'kumenya chitsulo ndi kumsana kwake.

Ngwee! Ngwee! Ngwee!

Chitsulo chimene chinakhala chete miyezi isanu ndi umodzi chinalira ngati chikubwezera. Zitseko zinatseguka. Anthu anatuluka atafunda matumba ndi mapepala apulasitiki, ena supuni zili m'manja, onse kuthamangira kubwalo. Atafika anapeza nthambi ziwiri pansi, makwerero pansi, koma woliza chitsulo osaoneka.

"Awa ndi makwerero anga!" anatero a Mbendera. "Anabwereka a Tcheya dzulo, amati akukonza denga."

"Ndili kuno," anatero mawu osasa kuchokera m'masamba.

Mitu yonse inayang'ana kumwamba. Kunali nkhope zomwe zija za Tikumane, koma ulendo uno pakamwa panali pali yasa. Anaona a Tcheya atakumbatira nthambi, chikwanje m'manja, chitsulo chitamangidwa pamphanda pamene dzanja la munthu silikanafika, ndipo panalibe wofunika kumufotokozera. Wina anayamba kuseka, kenako bwalo lonse linaphulika.

"Denga lake ndi limeneli, a Tcheya?" anafunsa a Mbendera.

"Asiyeni konko!" anakuwa bambo wina kumbuyo. "Amakonda pamwamba. Tiyambe tasankha, atsika pambuyo!"

Ambiri anavomereza. A Sandalamu anayang'ana m'gulumo n'kuona a Nachisale ataima kumapeto, atagwira pakamwa ndi nsonga ya chitenje, osaseka. Zimenezo zinawapweteka kuposa kuseka kwa ena onse.

Mayi Kamowa anakweza dzanja, phokoso n'kutsika. "Abale, chitsulo chalira, ndipo achiliza ndi a Tcheya eni ake. Chisankho chichitika lero, mvula ikangokata. Koma sitingaime pamzere munthu ali pangozi. Imikani makwerero msanga." Kenako anayang'ana kumwamba n'kunena mofatsa, "Koma musaiwale mwambo, a Tcheya. Wotsika amatsika ndi chitsulo."

A Sandalamu anatembenukira kumphanda ija. Anamasula mfundo zimene anazimanga zolimba m'mawa uja, n'kutsitsa chitsulocho pang'onopang'ono ndi waya wake mpaka chinakagunda pansi. Madontho oyamba a mvula anali atayamba kugwa.

Kutsika kwa iwo eni kunali kovuta kuposa apo. Makwerero ankalekeza pamene panali nthambi imene anaidula, ndipo miyendo yawo inali itakana ntchito. Amuna awiri anachita kukwera ndi chingwe chomangira ng'ombe, n'kuwamanga m'chiuno, n'kuchikoloweka panthambi, anthu a pansi n'kumawatsitsa pang'onopang'ono akuzungulira m'malere ngati thumba la chimanga. Mapazi awo atagunda dothi panalibe nthungululu, panalibe kuwomba m'manja. Aliyense anathamangira pakhonde lapafupi kukabisala mvula.

Mvula itakata, anthu anabwerera pabwalo n'kuima pamizere m'matope. Anapambana a Mbendera. Anakwera pamakwerero awo omwe kukamanga chitsulo, amayi akuimba nthungululu, ndipo a Sandalamu anamva nthungululuzo ali m'njira kupita kwawo.

Madzulo a tsiku limenelo anakhala pakhonde miyendo ili m'beseni la madzi ofunda, a Nachisale akuwapaka mafuta m'malo molumidwa ndi nyerere. Kenako a Sandalamu anayamba kudandaula.

"Zaka zinayi, mayi. Ngalande zonsezi, mlatho, mjigo. Koma osapezeka ngakhale mmodzi wondiwombera m'manja. Anthu a kuno ndi osayamika."

A Nachisale anatseka botolo la mafuta. "Osayamika? Bambo, amayi a Tikumane tinapeka nyimbo yoti tidzakuimbireni tsiku lotsika ndi chitsulo. Tinayamba kuiyeserera mu Meyi, kumjigo, inu osadziwa. Munali ngalande m'nyimbomo, munali mlatho, munali dzina lanu ndi la bambo anu. Juni tinadikira. Julayi tinadikira. Pofika Okutobala amayi anasiya kubwera, ndinatsala ndekha."



"Tsiku lokwera munasangalala, ife tonse tinasangalala nanu," anapitiriza a Nachisale. "Tinkafuna tisangalale nanunso potsika. Mtengo usamakoma pokwera pokha, bambo."

"Tandiimbireniko pang'ono," anatero a Sandalamu chapansipansi.

"Inali ya anthu ambiri," anayankha a Nachisale. "Ndekha sindingaithe." Anatenga beseni lija n'kukataya madzi.

A Sandalamu anakhala zaka zina zambiri ku Tikumane, ndipo a Mbendera ankabwera kudzawafunsa nzeru za ngalande, iwo n'kumathandiza ndi mtima wonse. Koma nyimbo ija sanaimve mpaka tsiku lawo lomaliza. Mlendo akafunsa kuti a Sandalamu ndi ati, anthu sankati ndi aja anamanga mlatho. Ankati ndi aja anawatsitsa ndi chingwe. Mawu a a Nachisale anamveka kwa mnansi amene ankadutsa, n'kufika kumjigo, ndipo mawu akafika kumjigo ndiye kuti afika dziko lonse.

Ndiye mukamva akulu akuti mtengo usamakoma pokwera pokha, ana inu, akutanthauza kuti nkhope imene munaonetsa polandira chinthu muionetsenso pochibweza. Amanena mwambiwu kwa munthu amene amabwera akumwetulira pobwereka khasu, koma mwini wake akalifuna amachita tsinya. Amaunena kwa amene amakonda kuthandizidwa, koma tsiku loti athandize anzake amadwala msana. Udindo nawonso ndi chinthu chobwereka, eni ake ndi amene anaima kumbuyo kwanu pamzere. Mawa ena mwa inu adzakusankhani kukhala oyang'anira kalasi, a tcheya a kwaya, kapena akuluakulu kuposa apo. Kwerani mosangalala, palibe cholakwika. Koma tsiku lanu likakwana, tsikani nokha ndi miyendo yanu anthu akadali ndi nyimbo yoti akuimbireni.